Yankho la masekondi awiri: mmene ziwerengero zimazindikirira mayankho othamangira pa mayeso

Tiyerekeze funso la sayansi pa mayeso olembera pa kompyuta. Lili ndi ndime ya mizere ingapo, tebulo la manambala, komanso mayankho anayi oti wophunzira asankhepo limodzi. Ophunzira ambiri amatha pafupifupi mphindi imodzi asanasankhe yankho, koma kaundula wa kompyuta akusonyeza kuti wophunzira wina anayankha patangotha masekondi awiri funsolo litaonekera. Palibe munthu amene angawerenge ndimeyo, kuyang'ana tebulo, n'kupima mayankho anayi m'masekondi awiri. Kaya wakhoza kaya walakwa, yankholo silikutiuza chilichonse za sayansi imene ili m'mutu mwake. Wangolota basi. Vuto n'lakuti pophatikiza malikisi, yankho limeneli limawerengedwa mofanana ndi yankho limene mnzake analipeza atatuluka nalo thukuta.

Malikisi a mayeso aliwonse amaimira pa chikhulupiriro chimodzi chimene sichitchulidwa kawirikawiri, chakuti wolemba mayeso anayesetsa pa funso lililonse. Chikhulupiriro chimenechi chimasweka m'njira ziwiri. Pa mayeso amene tsogolo la munthu lagona pamenepo, wophunzira amafuna kukhoza ndithu, koma nthawi ikamutaya akadali ndi mafunso khumi, amangodzaza mayankho kuti mwina mwayi umugwere. Pa mayeso amene zotsatira zake sizimukhudza iye mwini, monga mayeso a PISA amene OECD, bungwe la mayiko loona za chuma ndi chitukuko, limayendetsa poyerekeza maphunziro a mayiko, ndipo ophunzira salandira malikisi awoawo, nthawi imakhalapo yokwanira koma chidwi ndicho chimasowa. Tikayang'ana yankho limodzi lokha, awiriwa amaoneka ofanana. Kusiyana kwawo kumaonekera tikayang'ana mayeso onse: woyamba uja amathamangira kumapeto kokha, pamene wachiwiriyu amathamanga apa ndi apo, makamaka pa mafunso aatali ndi otopetsa kuwerenga.

Makompyuta asanabwere, akatswiri ankangowerenga malo osiyidwa opanda yankho. M'buku lake la 1950 lonena za mayeso, Harold Gulliksen anasiyanitsa mayeso oyesa liwiro, amene mafunso ake ndi osavuta koma ndi ochuluka moti palibe angamalize, ndi mayeso oyesa luso, amene nthawi yake ndi yokwanira koma mafunso ndiwo ovuta. Mayeso ambiri a m'sukulu amafuna kukhala a mtundu wachiwiriwu, ngakhale kuti ali ndi nthawi yoikika. Mu 1974 Frances Swineford wa ku bungwe lokonza mayeso la Educational Testing Service analemba lamulo limene linagwiritsidwa ntchito zaka zambiri: mayeso sakufinya nthawi ngati pafupifupi onse olemba afika pa magawo atatu mwa magawo anayi a mafunso, ndipo 80 mwa 100 alionse afika pa funso lomaliza. Lamuloli ndi losavuta kutsata, koma lili ndi chibowo chachikulu. Pa mayeso amene yankho lolakwa silichotsetsa malikisi, wophunzira wochenjera sasiya malo opanda kanthu. Amadzaza onse m'mphindi yomaliza, ndipo pa pepala amaoneka ngati munthu amene anamaliza bwinobwino.

Zinthu zinasintha pamene kompyuta inayamba kulemba nthawi imene munthu watha pa funso lililonse. Deborah Schnipke, poyamba payekha mu 1995 kenako pamodzi ndi David Scrams mu 1997, anasonyeza kuti nthawizi zikajambulidwa pa galafu, mafunso ena amatulutsa zitunda ziwiri. Chitunda chachikulu, chotambalala, ndi cha anthu amene anawerenga n'kuganiza, ndipo chimatsetsereka pang'onopang'ono kupita ku nthawi zazitali chifukwa nthawi zonse pamakhala ena ochedwa kwambiri. Kachitunda kachiwiri, kopyapyala ndi kosongoka, kamakhala pafupi ndi ziro, ndipo ndi ka anthu olota. Pakati pa ziwirizi pali chigwa. Anapezanso chizindikiro china chimene njira zonse zotsatira zimatsamirapo: mayankho a m'kachitunda kakang'ono kaja amakhala olondola pa mlingo wa mwayi chabe, ndiko kuti pafupifupi limodzi mwa anayi ngati funso lili ndi mayankho anayi osankhapo, kaya funsolo ndi lovuta kaya ndi losavuta.

Kuchokera pamenepo ntchito yaikulu yakhala yopeza malire, kutanthauza nambala ya masekondi imene yankho lofulumira kuposa pamenepo tizilitenga ngati lolota. Njira yapafupi ndiyo kuika malire amodzi pa mafunso onse, monga masekondi atatu. Imeneyi imagwira pa funso lalitali koma imalakwira funso lalifupi, chifukwa munthu akhoza kuyankha kuti 7 kutaimusa ndi 8 ndi 56 m'masekondi osakwana atatu, ataganiza ndithu. Njira ina ndiyo kuyang'ana galafu ya funso lililonse ndi maso n'kuika malire pachigwa paja. Imeneyi imalemekeza kusiyana kwa mafunso, koma pa nkhokwe ya mafunso masauzande ndi ntchito yosatheka, ndipo mafunso ambiri alibe chigwa chooneka, makamaka aafupi, pamene zitunda ziwirizo zimalowana. Mu 2007 Xiaojing Kong, Steven Wise ndi Dennison Bhola anayerekeza njira zinayi zoikira malire ndipo anapeza kuti zotsatira zake sizinasiyane kwambiri pa mayeso amene anaunika, zimene zinapatsa ofufuza mtima woti nkhaniyi siyodalira kwambiri sekondi imodzi kapena awiri.

Njira imene yafala kwambiri ndi ya Steven Wise ndi Lingling Ma ya mu 2012, yotchedwa NT10. Mumatenga avereji ya nthawi imene ophunzira onse anatha pa funsolo, n'kutengapo gawo limodzi mwa magawo khumi, koma malirewo asapitirire masekondi 10. Funso la avereji ya masekondi 60 limakhala ndi malire a masekondi 6, la avereji ya masekondi 20 limakhala ndi malire a masekondi awiri, ndipo la avereji ya mphindi zitatu limaima pa masekondi 10 m'malo mwa 18. Ubwino wake ndi wakuti kompyuta imawerengera yokha, ndiponso ndi njira yosamala, imene imalolera kuphonya olota ena kusiyana n'kusemera mlandu munthu amene anaganiza. Ine ndimaona kuti kusamala kumeneku ndi kwanzeru, chifukwa zolakwa ziwirizi sizilemera mofanana. Kuphonya yankho lolota kumangosiya zinthu mmene zinalili kale tisanayambe kuyang'ana nthawi, pamene kutaya yankho lenileni ndi kulanda wophunzira chinthu chimene anachigwirira ntchito.

Komabe gawo limodzi mwa khumi ndi nambala yongosankha, ndipo palibe chifukwa cha m'chilengedwe choti ikhale imeneyo. N'chifukwa chake ena anati nthawi isamagamule yokha, koma iphatikizidwe ndi kukhoza. Hongwen Guo ndi anzake mu 2016 anapereka njira imene ndi yosavuta kuimvetsa tikaitsata pang'onopang'ono. Pa funso limodzi la mayankho anayi, sonkhanitsani onse amene anayankha m'sekondi imodzi kapena kuchepera, muone kuti anakhoza angati. Tiyerekeze kuti ndi 24 mwa 100 alionse. Onjezerani amene anayankha m'masekondi awiri, kenako atatu, kenako anayi, ndipo nthawi iliyonse muwerengerenso gawo la okhoza mwa onse amene mwasonkhanitsa kufikira pamenepo. Malinga ngati gulu lonselo ndi la olota, nambalayo imangozungulira pa 25. Ikayamba kukwera n'kukhala pamwamba pa 25 osabwereranso, ndiye kuti anthu oganiza ayamba kulowa m'gululo, ndipo sekondi imeneyo ndiyo malire. Kukongola kwa njira imeneyi n'kwakuti malire amachokera mu tanthauzo lenileni la kulota. Kufooka kwake kumaoneka pa funso lovuta kwambiri, limene ngakhale oganiza amakhoza ochepera limodzi mwa anayi, chifukwa pamenepo nambalayo siikwera konse. Imafunanso ophunzira ambiri, popeza anthu 12 oyankha m'sekondi yoyamba sangapereke gawo lodalirika.

Malire akapezeka, yankho lililonse limapatsidwa chizindikiro chakuti linali loganizira kapena lolota. Mu 2005 Wise ndi Kong anapanga muyeso wa khama la wophunzira wotchedwa RTE, umene ndi gawo la mafunso amene anayankha moganizira mwa mafunso onse. Wophunzira amene walota mafunso 12 mwa 40 ali ndi RTE ya 0.70, ndipo ofufuza ambiri amayamba kukayikira malikisi a munthu nambalayi ikatsika pansi pa 0.90. Tiyerekeze kuti wophunzira ameneyu anakhoza 21 mwa mafunso 28 amene anawerengadi, ndipo mwa 12 olota aja mwayi unamupatsa atatu. Malikisi ake onse ndi 24 pa 40, kutanthauza 60 peresenti, pamene pa mafunso amene anayesa anakhoza 75 peresenti. Mpata umenewu ndi waukulu moti ukhoza kumutsitsa gulu lathunthu la makhozedwe, ndipo ophunzira otere akachuluka pa sukulu imodzi kapena m'dziko limodzi, avereji ya gulu lonse imatsika pa chifukwa chimene sichikhudzana ndi kaphunzitsidwe.

Pali njira ziwiri zokonzera zimenezi. Yoyamba ndi kuchotseratu ophunzira a RTE yotsika powerengera avereji ya gulu. Yachiwiri, imene Wise ndi Christine DeMars anafotokoza mu 2006, ndi kusiya wophunzirayo m'kaundula koma kuchotsa mayankho olota okhawo, n'kuwerengera luso lake ngati kuti mafunsowo sanapatsidwe. Zimenezi zimatheka chifukwa cha ndondomeko ya masamu yotchedwa IRT, imene imayerekeza luso la munthu ndi kuvuta kwa funso pa sikelo imodzi, moti anthu awiri oyankha mafunso osiyana akhoza kuyerekezedwabe. Mtengo wake ndi wakuti luso loyezedwa ndi mafunso 28 limakhala losatsimikizika kwenikweni poyerekeza ndi loyezedwa ndi 40. Palinso chinthu china chimene chiyenera kunenedwa poyera. Njira ziwirizi zimatenga ngati kuti munthu amalota mosayang'ana kuti funso akulidziwa kapena ayi. Koma ngati wophunzira amasuzumira funso, n'kuona kuti lamukulira, kenako n'kulota, ndiye kuti kuchotsa mayankhowo ndi kumuchotsera mafunso amene akanalakwa, ndipo luso lake lidzaoneka lokwera kuposa mmene lilili. Kukonza kwa mtundu umenewu kukhoza kungosamutsa cholakwa kuchoka mbali ina kupita mbali inzake.

Njira zonse za malire zili ndi chilema chimodzi: zimayerekeza wophunzira ndi gulu, osati ndi iye mwini. Anthu amasiyana liwiro mwachibadwa. Wim van der Linden anakonza zimenezi ndi ndondomeko imene anasindikiza mu 2006 n'kuikulitsa mu 2007, imene imati nthawi ya yankho lililonse imachokera ku zinthu ziwiri, kuchuluka kwa nthawi imene funsolo limafuna ndi liwiro la munthuyo. Ndondomekoyi imagwiritsa ntchito logarithm ya nthawi (kawerengedwe ka masamu koyang'ana kuti nambala yawirikiza kangati) m'malo mwa masekondi enieni, ndipo chifukwa chake n'chomveka: kusiyana kwa masekondi 5 ndi 10 kuyenera kulemera mofanana ndi kusiyana kwa masekondi 60 ndi 120, popeza konseko nthawi yangowirikiza kawiri. Tikadziwa liwiro la munthu kuchokera ku mafunso ena onse amene anayankha, tikhoza kulosera nthawi imene akanatha pa funso ili, n'kuona kuti nthawi yeniyeni yatalikira bwanji. Wophunzira wachangu amene amatha theka la nthawi ya anzake akayankha funso la masekondi 60 m'masekondi 25, palibe chodabwitsa. Koma wophunzira wodekha, amene amatha nthawi yowirikiza kawiri ya anzake ndipo tinkayembekezera masekondi 120, akayankha m'masekondi 15, pali chimene chachitika, ngakhale kuti NT10 ikanamulola kudutsa chifukwa wapitirira masekondi 6. Van der Linden ndi Fanmin Guo anasonyeza mu 2008 mmene mipata yotereyi ingagwiritsidwire ntchito pozindikira mayankhidwe achilendo. Chovuta chake ndi chakuti munthu akalota mafunso ambiri, liwiro lake loyerekezedwa limakokedwa n'kuoneka lalikulu, moti mayankho olota amayamba kubisana okhaokha. Pofuna kuthana ndi zimenezi, Chun Wang ndi Gongjun Xu mu 2015 anapanga ndondomeko yosakaniza imene imapatsa yankho lililonse mwayi wakuti ndi lolota kapena loganizira, m'malo modula mzere umodzi wouma.

Nanga pa mayeso a pa pepala, pamene palibe wolemba nthawi? Apa chotsala ndi ndondomeko ya kukhoza ndi kulakwa, ndipo funso limakhala lakuti kodi pali malo amene wophunzira anasintha mwadzidzidzi. Kentaro Yamamoto anapanga ndondomeko yotchedwa HYBRID, imene iye ndi Howard Everson anaigwiritsa ntchito pa vutoli mu 1997. Imati munthu amayankha molingana ndi luso lake kufikira pa funso lina, kenako kuchokera pamenepo mpaka kumapeto amangolota, ndipo masamu amayerekeza kuti ndi anthu angati amene anasinthira pa funso liti. Daniel Bolt, Allan Cohen ndi James Wollack mu 2002 anagawa olemba mayeso m'magulu awiri obisika, opanikizika ndi nthawi ndi osapanikizika, poona kuti kwa gulu loyambalo mafunso omaliza amaoneka ovuta kuposa mmene alili. Yuri Goegebeur ndi anzake mu 2008 anati kusinthako sikukhala kwa kamodzin'kamodzi, koma munthu amayamba kufulumira pang'onopang'ono akamaona kuti nthawi ikutha, ndipo maganizo amenewa akufanana kwambiri ndi zimene aliyense amene anakhalapo m'chipinda cha mayeso amadziwa.

Njira ya Can Shao, Jun Li ndi Ying Cheng ya mu 2016 ndi yoyenera kuifotokoza pang'ono chifukwa imayang'ana munthu mmodzi payekha. Mumadula mayeso ake pawiri pambuyo pa funso lina, n'kuyerekeza luso lake pa chigawo choyamba ndi pa chigawo chachiwiri, poganizira kuvuta kwa mafunso a mbali iliyonse. Mumabwereza kudulako pa malo alionse otheka, kenako mumasankha malo amene kusiyana kwa mbali ziwirizo n'kwakukulu koposa. Kusiyanako kukaposa kumene mwayi wokha ukanabweretsa, ndiye kuti mwapeza zinthu ziwiri nthawi imodzi: kuti munthuyu anapanikizika, ndiponso pamene kupanikizikako kunayambira. Popeza mwayesa malo ambiri n'kusankha a kusiyana kwakukulu koposa, mlingo woweruzira suyenera kutengedwa m'matebulo wamba, koma umapezedwa posakanizasakaniza mayankho kapena poyeserera pa kompyuta, apo ayi anthu ambiri osalakwa angakodwe. Njira zopanda nthawizi zimaona bwino munthu waluso amene wagwa mwadzidzidzi, koma zimavutika ndi wophunzira wofooka, chifukwa munthu amene amakhoza 30 peresenti akamaganiza sasiyana kwenikweni ndi wolota amene amakhoza 25.

Ngozi yokola anthu osalakwa imakula ndi kuchuluka kwa mayankho. Ophunzira 10,000 oyankha mafunso 40 aliyense amatulutsa mayankho 400,000, ndipo njira imene imalakwitsa kamodzi pa 100 idzaika chizindikiro pa mayankho 4,000 abwinobwino. Yankho lofulumira lilinso ndi matanthauzo ena. Ngati mayankho ofulumira a munthu ali olondola pafupifupi onse, kumeneko si kulota, koma mwina ndi luso lapamwamba kapena anaona mafunsowo mayeso asanachitike, ndipo imeneyo ndi nkhani ina yofuna kufufuza kwina. Mafunso angapo akachokera pa ndime imodzi, loyamba limameza nthawi yonse yowerenga ndipo otsatira amaoneka ofulumira. Ngati wophunzira amaloledwa kubwerera m'mbuyo, nthawi ya ulendo woyamba, wachiwiri ndi wachitatu iyenera kuganiziridwa bwino isanaphatikizidwe. Ndipo pali munthu amene njira zonsezi sizimuona: amene wakhala phee mphindi yathunthu maganizo ali kwina, kenako n'kungodina. Wotchi imamuwerengera ngati munthu wakhama.

N'chifukwa chake ndimaona kuti zizindikirozi zimathandiza koposa zikagwiritsidwa ntchito poweruza mayeso, kusiyana n'kuweruza wophunzira. Pa mayeso amene tsogolo la munthu lagonapo, kulota nthawi ikatha ndi chinthu chanzeru chimene aphunzitsi amalangiza, ndipo sikungakhale chilungamo kuchotsera ena mafunso amene anzawo analimbana nawo n'kulakwa. Koma ngati wophunzira mmodzi mwa asanu alionse akuthamangira mafunso khumi omaliza, ziwerengerozo zikuloza wokonza mayeso: mafunso achuluka kapena nthawi yachepa, ndipo malikisi akuyeza liwiro la kuwerenga limodzi ndi phunziro limene ankafuna kuyeza. Ophunzira owerenga pang'onopang'ono komanso olemba mayeso m'chiyankhulo chimene si chawo ndiwo amakhudzidwa kwambiri ndi zimenezi.

Kuwonongekako kumafikanso pa mafunso enieniwo. T. C. Oshima anasonyeza mu 1994 kuti nthawi ikafinya, mafunso a kumapeto amawerengeredwa ngati ovuta kuposa mmene alili, chifukwa masamu sasiyanitsa munthu amene walakwa posadziwa ndi amene walakwa posawerenga. Funso lotero likalowa m'nkhokwe ndi nambala yolakwika ya kuvuta kwake, n'kudzaikidwa kumayambiriro kwa mayeso a chaka china, ophunzira ambiri adzalikhoza ndipo adzaoneka aluso kuposa anzawo a chaka chatha, pamene chasintha ndi malo a funsolo basi. Okonza mayeso osamala amachotsa mayankho olota asanawerengere kuvuta kwa mafunso, kapena amasinthasintha malo a mafunso m'mabuku osiyanasiyana a mayeso omwewo, kuti funso limodzi lisamakhale lomaliza kwa ophunzira onse.